Kaneka ya Bambo

Titabwera kuchokera ku msasa wa othawa nkhondo wa Ukwimi mu 1994, kwathu ku Chiputo tinapeza thengo lokhalokha. Tinamanga kaye nyumba, kenako amayi anati Loweruka tikakonze manda a bambo, amene tinawaika mothamanga nthawi ya nkhondo, opanda mbale kapena chikho pamwamba. Anati nditulutse kaneka ya bambo, kapu yawo yachitsulo yoyera ija, akaiboole monga mwa mwambo, ikakhale pamandapo.

Kanekayo inali kwa Quitéria, amene ndinkamufunsira. Ndinamupatsa mobisa mwezi wathawo, poti ndinalibe china chopatsa mtsikana, ndipo ndinkafuna andiyankhe msanga.

Ndinamupeza akuponda dothi la njerwa. M'malo mopempha bwinobwino, ndinayamba za anthu otchedwa Asamoyedi, zimene profesori Horácio, amene anaphunzira ku Rusiya, ankatiuza m'kalasi. Ndinati kumeneko, kudziko la chisanu, makolo awo akale ankaika munthu ndi mphika wake, mpeni wake, ndi tizifanizo ta mbalame ta mkuwa. Ndinati zina ankaziphwanya dala, kuti zife nazonso, zimutsatire. Ndinati tangoganiza, anthu amene sitinawaonepo, koma mtima umodzi ndi ife.

Quitéria sanasiye kuponda.

"Iwe, wapita mpaka ku Rusiya kuti ungonena kuti ukufuna kapu yako?"

Ndinaulula zonse. Anafunsa ngati amayi akudziwa kumene kanekayo inali. Ndinati ayi. Anati ndiye abweretsa yekha, safuna kuoneka ngati wakuba za akufa.

Loweruka anafikadi kumanda, kanekayo ataikwecha ndi mchenga. Ine ndinali ndi khasu m'manja, ndikulakalaka nthaka itandimeza. Quitéria anagwada, naipereka kwa amayi ndi manja awiri, nanena kuti wamweramo milungu inayi osadziwa mwini wake, amukhululukire.

Amayi anaitembenuza, akuyang'ana pamene utoto unachoka m'mphepete, pamene bambo ankaika mlomo. Sanandiyang'ane n'komwe. Anaika kanekayo chozondotsa pamwala, natulutsa msomali m'nsalu, koma msomaliwo unkangoterereka.

"Bwera undigwirire, mwanawe," anatero kwa Quitéria. "Uyu manja ake ndi opatsa zinthu za eni."

Quitéria anagwira msomali. Amayi anamenya katatu ndi mwala, ndipo kachitatuko unalowa.