Mapu Opanda Nyimba

Jennipher Daka anakwela pa chulu cha kuseli kwa sukulu, foni m'mwamba, kusaka netiweki. Sukuluyo inamangidwa ndi makolo, kupitilila Sasare, ndipo mphunzitsi anali iye yekha. Mphunzitsi mnzake anapita ku Petauke chaka chatha ndipo sanabwelenso. Ana khumi ndi anayi a giledi seveni anali kuyembekezela mayeso, koma buku lophunzitsa za dziko ndi boma linali limodzi, nalonso chiswe chitalidya pakati.

Tsiku lachitatu pa chulupo anapeza maphunzilo aulele, olola aliyense kukopa ndi kusindikiza. Zambili zimene anaona poyamba zinali za maiko a chipale ndi sitima zapansi pa nthaka. Izi zinali zina. Pazithunzi panali chimanga, njinga zonyamula makala, mayi wobeleka mwana. Maina anali a Banda ndi a Mbewe. Mtima unakhala pansi, ngati wakumana ndi wachibale pa basi. Sanafufuzenso kuti analemba ndani.

Mitu itatu yoyamba anaikopela pa bolodi kuchokela pa foni. Ana analemba, analoweza, mpaka kumaiimba popita kumjigo. Patatha milungu isanu anakwela minibasi kupita ku Nyimba kukasindikiza zotsala pa shopu ya Edmond, mwamuna wa pakamwa posatseka.

Edmond anatulutsa pepala lachisanu, nalitembenuza uku ndi uku.

"Amai aphunzitsi, ana anu mayeso akalembela ku Lilongwe?"

"Sindikizani, bambo, minibasi indisiya."

"Ndisindikiza. Koma ndionetseni Nyimba pa mapu apa. Kapena atisamutsa dzulo ine ndili mtulo?"

Jennipher anayang'ana. Dziko la pa mapupo linali lalitali, lowonda, nyanja kumbali. Pa foni anatsitsa tsambalo mpaka pansi, pomwe sanafikepo n'kale lonse. Tilembo ting'onoting'ono tinanena kuti ndi za ana a ku Malawi. Makomiti onse aja, maudindo onse aja amene ana ake analoweza, anali a dziko la eni.

Anakwela minibasi kubwelela. Akanauza ndani? Kusukulu kunalibe mphunzitsi wamkulu womukalipila, ngakhale mnzake woseka naye.

Lolemba anaima kutsogolo kwa kalasi.

"Tsegulani makope. Masamba onse a milungu isanu ija, lembani mzele kuchokela pamwamba mpaka pansi. Ndalakwitsa ndine."

Ana anayang'anana, kenako kunangomveka mapensulo akukhwekhweleza. Mayeso anali atatsala milungu isanu ndi umodzi.

Masana Jennipher anabwelela pa chulu ndi kope lake. Tsamba lililonse la pa foni anayambila pansi: walemba ndani, wa dziko liti, chaka chanji, likugwilizana ndi silabasi kapena ai. Pa masamba khumi ndi awili, awili okha anatsala, onse osakwanila. Zosowazo anayamba kulemba yekha pamanja, mbuzi zikudya m'munsi mwa chulu.

Tsono inu amene mumaphunzitsa m'tauni, muli ndi anzanu m'chipinda cha aphunzitsi ndi netiweki mutakhala pampando, musangomumvela chisoni Jennipher. Zimene mumalemba za dziko lathu lino, ikani poti wina azipeze, ndipo dzina la dziko ndi chaka mulembe pamwamba, ndi zilembo zazikulu.