Masiku Amene Ndinkasungira Maliro a Amayi

Mkulu wanga Ida ndi amuna ake a Lucious anali ndi khalidwe limene Amalawi a ku Indiana tinkalephera kulimvetsa. Ankakwera ndege popanda munthu womwalira.

Kwa enafe, masiku a tchuthi anali ndi ntchito imodzi. Akakupatsa kuntchito suwakhudza, umawasunga chaka ndi chaka mpaka foni idzalire kuchokera kumudzi. Ukamva kuti uje wanyamuka, funso linali limodzi: watisiya ndani? Ine anga ndinkasungira amayi. Ndinkagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku South Bend, ndipo chimfine ndinkapita nacho kuntchito, dzino likamawawa ndinkapita nalo, kuti tsiku limene amayi adzatisiye ndidzakhale ndi masiku okwanira kukafika ku Ntcheu, kuika maliro ndi kukhalako mpaka kumeta. Amayiwo anali moyo, akulima mbatatesi zawo. Ndinali ndisanawaone chichokereni kumudzi mu 1998.

Mufunsa kuti bwanji osangopita kukawaona? Kupita kumudzi si kukwera ndege kokha. Kuli azakhali, amalume, ana a achimwene ndi mpingo wonse, aliyense maso ali pa sutikesi. Ida anapitako kamodzi, nabwera akunena kuti anacheza ndi mudzi wonse kupatula amayi, chifukwa amayiwo ankakhalira kuphikira alendo obwera kudzamuona iye. Tinayesa zowaitanitsa kuno, koma viza anawakaniza kawiri. Ndiye tinkangolankhulana pa foni ya aphunzitsi a pasukulu yapafupi, ine ndikukuwa, iwo akufunsa ngati chipale chasiya kugwa.

A Lucious ankakweza katundu m'ndege pa eyapoti ya Indianapolis. Ntchito yothyola msana, koma inali ndi kakoma kake: wantchito ndi banja lake ankaloledwa kukwera ndege ngati mwatsala mipando yopanda anthu. Amati sitandibai. Miyezi yotentha, pamene dziko lonse likupita kunyanja, mipando yotere siipezeka. Choncho a kwa Ida ankayenda nthawi imene anthu anzeru zawo ali pakhomo, mu Febuluwale, kumapeto kwa Okutobala, nthawi zina Novembala mvula ili mkati. Ankavala ngati akupita kutchalitchi, poti lamulo la kampani linkatero, n'kukakhala pakhomo lokwerera ndege ndi ana awo awiri, Shalom ndi Upile, kudikira kuti dzina lawo litchulidwe. Nthawi zina silinkatchulidwa. Ankabwerera kunyumba kwawo ku Lawrence ndi masutikesi awo, akuseka, n'kukayesanso mawa lake.

Ndipo ankapita kuti? Ku timatauni ta m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Chaka china ku Nerja ku Spain, chaka china ku Chania pa chilumba cha Krete, koma kumene anakodwa mtima ndi ku Cefalu, ku Sicily. Kumeneko ankabwererako nyengo zosiyanasiyana, ati kuti akaone kuti tauniyo imaoneka bwanji mandimu akapsa, ndiponso asodzi akamasoka maukonde mphepo itawaletsa kulowa m'madzi.

Kutchalitchi anthu sankawasiya. “Matikiti aulere, osapita nawo kwawo, akukaonera madzi,” ankatero amayi a mvano tikamatsuka mbale. Inenso ndinkathirirapo ndemanga, pakamwa panga sindipadziwa kuti n'pofatsa. Koma akangobwerako, woyamba kuyendetsa galimoto kuchoka ku South Bend, kudutsa Kokomo mpaka ku Lawrence, ndinali ine. Ndinkafuna kukamuona Ida asanayambirenso ntchito. Mkulu wanga ndi namwino, ndipo masiku onse amayenda ngati wasiya mkaka pamoto. Akachokera kunyanja ankayenda pang'onopang'ono, akumaliza chiganizo chilichonse chimene wayamba. A Lucious, munthu amene mawu ake timachita kupempha, ankafotokoza za mkulu wina wophika buledi amene ankawaitana dzina kuchokera tsidya la msewu. Chimene chinkandigonjetsa kwambiri chinali cha ana. Kuno ukawalankhula Chichewa amakuyankha m'Chingerezi. Kumeneko, akafuna kunena kuti nsomba yawakanika osakhumudwitsa mwini nyumba, ankanong'ona m'Chichewa, ndipo ankabwera nacho chikadali pakamwa. Ndinkawasirira, ndipo kusirirako kunkandipsetsa mtima.

Mu Januwale 2007 Ida anandiimbira foni ndili pa buleki.

“Iwe Vainess, karikwesite masiku ako a tchuthi kuntchito. Sabata yachiwiri ya Malichi.”

“Kwagwanji, achemwali?”

“Sikunagwe kanthu. Amayi akubwera ku Cefalu.”

Anafotokoza. Mayi Sofia, mwini nyumba imene ankafikira, anamufunsa tsiku lina kuti bwanji amabwera ndi ana okhaokha, kodi mayi ake anamwalira? Atamva nkhani yonse, anavala nsapato n'kupita kukakonza mapepala owaitana. Zinatenga miyezi, koma viza inatuluka. Sisitere wina wa ku parishi ya kwathu anali ndi ulendo wa ku Roma, ndipo anavomera kukhala nawo mpando woyandikana.

“Nanga akadzamwalira mu Juni?” ndinafunsa. “Ndidzapita ndi chiyani?”

“Udzakhala utawaona mu Malichi.”

“Inu zimakuvutani n'zimenezo. Anthu adzati chiyani, mwana wamkazi osaoneka pamaliro a amake?”

“Sindikukufosa,” anatero Ida. “Alamu ako akukusungira pasi imodzi ya sitandibai. Ukabwera, bwera.”

Ndinakhala nazo sabata yathunthu. Musandiseke, mantha anga sanali opusa. Ndinaonapo mayi wina wa ku Mishawaka akumvera maliro a bambo ake pa foni, atakhala pansi m'khitchini, ndipo kumudzi mpaka lero amamutchula kuti uja sanabwere. Pomaliza ndinachita zimene munthu wochenjera amachita, ndinagawa pakati. Theka la masiku ndinatenga, theka ndinasiyira maliro. A kwa Ida akakhala milungu iwiri, ine umodzi.

A Lucious anatsogola kukawachingamira amayi ku Roma. Ife tinanyamuka pambuyo, ndipo ndinalawa moyo wa sitandibai. Ndinakhala pakhomo lokwerera ndege nditavala suti yanga ya chitenje, ndikuwerenga mitu ya anthu olowa. Ida ankasenda lalanje. Shalom anandiuza kuti ndisamayang'ane mayi wa pakauntala ndi diso loterolo, angatisiye dala. Maina athu anatchulidwa chitseko chili pafupi kutsekedwa.

Kuchokera ku Palermo, kumene ndege inatera, tinakwera sitima yapamtunda imene imayenda m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Cefalu ndi tauni ya nyumba zothinana pansi pa chimwala chachikulu, misewu yake ya miyala, yopapatiza moti zovala zoyanikidwa kuchokera mbali ziwiri zimatsala pang'ono kugundana. Alendo kunalibe. Malo ambiri odyera anali otseka, ndipo amadala anali padzuwa kusewera makadi. Ida ankapereka moni uku ndi uku ngati wafika kwathu pa Tsangano.

Tinawapeza amayi atakhala pakhomo ndi mayi Sofia, akusenda nyemba zaziwisi m'beseni limodzi. Wina ankalankhula Chichewa, wina chinenero chake, ndipo nkhani inkayenda bwinobwino. Amayi anali atachepa thupi. Duku lomwe lija, kakhalidwe komwe kaja kotambasula miyendo, koma munthu wake wochepa kuposa amene ndinamusiya. Ndinagwada pamiyala paja.

“Wafika?” anatero amayi, ngati ndachokera kuchigayo.

“Ndafika, amayi.”

Anandigwira kumutu, dzanja likununkha nyemba. Ndinalira mpaka mayi Sofia analowa m'nyumba kukatenga madzi.

Sabata imeneyo sindidzaiiwala. Panalibe mlendo wobwera kudzationa, panalibe wophikira, panalibe wofunsa za sutikesi. M'mawa a Lucious ankabwera ndi buledi wotentha, ana n'kupita kumchenga atavala majuzi. Ife atatu, amayi, Ida ndi ine, tinkatsetsereka pang'onopang'ono kupita kudoko. Amayi anaiyang'ana nyanja nthawi yaitali, analawa madzi ake ndi chala, n'kugamula kuti ndi madzi aulesi, ochuluka chonchi osathirira ngakhale bedi limodzi la mpiru. Mandimu okha ndiwo anawapatsa ulemu. Ankaima pa mtengo uliwonse kufunsa kuti mwini wake amathira manyowa anji, ndipo Upile akakhala nafe ankavutika kumasulira ndi manja. Lamulungu analowa m'tchalitchi chachikulu cha pakati pa tauni, nayimba nyimbo zawo za ku Ntcheu chapansipansi pamene ena ankayimba zawo.

Apa m'pamene ndinamvetsa chimene Ida ndi a Lucious ankatsata zaka zonsezi. Anthu awiriwa anapeza malo amene palibe amene akuwadziwa mokwanira kuti awatume kanthu. Ida ankakhala pakhoma la doko, nsapato zili m'manja, a Lucious akumuuza maina a mabwato. Ndinali ndisanaonepo munthu wa kwathu atangokhala, osadwala, osadikira basi.

Chinthu chimodzi chinkandidetsa nkhawa. Amayi ankatsimphina, ndipo tikayenda pang'ono ankafuna pokhala. Ndikafunsa ankati ndi miyala ya m'misewu.

Tsiku loti mawa lake ndinyamuka, ndinali kulongedza m'chipinda masana, ena onse atapita kumsika. Amayi analowa n'kukhala pabedi.

“Anzako akutsala. Iwe ukuthamangira chiyani?”

“Ntchito, amayi.”

“Ida akuti masiku ukadali nawo.”

Ndinapinda siketi imene ndinali nditaipinda kale.

“Ndi a maliro anga, eti?”

“Amayi, musalankhule choncho.”

“Ndilankhule bwanji? Ukuganiza kuti sitidziwa kumudzi? Mwana wa a Nachisale anabwera ndi ndege kudzaika amake, tonse tinamuyamikira. Anagona pa mkeka, analira bwino. Amakewo sanamuone.” Anaseka pang'ono. “Sindikukudzudzula. Wandisungira ulemu, ndipo ndathokoza. Koma ondilira sadzasowa, mwana wanga. Adzabwera ngakhale amene sanandipatsepo moni.”

Kenako anawerama n'kuvula nsapato ya kumanja, ndi sokosi yomwe. Chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitakhuthala, chitapindika n'kulowa m'mnofu, ndipo mbali yake inali yotupa. Zinzake zinali zitatalika mpaka kukhotera pansi.

“Maso sakuonanso bwino, ndipo msana sulola kuti ndifike kumeneko,” anatero. “Mlamu wako wa kumudzi, mkazi wa achimwene ako, ndi mwana wabwino, koma phazi ngati ili sungapatse mwana wa eni ake. Ida ndikamuonetsa andithamangitsira kuchipatala. Ndimati ndikuuze iwe, koma ndimaona uli pa changu.”

Ndinaliyang'ana phazi lija. Zaka zonsezi ndakhala ndikugwada pamaso pa amayi a anthu ena, kuwasambitsa, kuwadzoza mafuta, kuwaveka masokosi, mpaka ndimadziwa chala chimene chimamuwawa aliyense. Amayi anga ankayenda ndi chikhadabo chili m'mnofu, kudikira mwana wawo amene ankadikira kuti amwalire. Chinandiwawa kwambiri, ndipo ndinachita manyazi.

Ndinakapempha beseni kwa mayi Sofia, ndinathiramo madzi ofunda ndi mchere, n'kuviika mapazi onse awiri. Chikhadabo chotere sudula tsiku limodzi. Umachifewetsa, n'kuchotsa pang'ono, mawa lake pang'ono, apo ayi umapweteka munthu. Ndinayamba ndi zing'onozing'ono za phazi la kumanja. Amayi anatsamira khoma, maso ali pa windo, n'kumandiuza amene anakwatiwa, amene anasamuka, ndi mbuzi imene inadya mbewu za abusa.

A Lucious atabwera kuchokera kumsika anaima pakhomo, matumba ali m'manja.

“Alamu,” ndinatero, “mundibwereke khadi lanu loimbira foni. Ndipo dzina langa mulichotse pa ndege ya mawa.”

“Ndilisunthire liti?”

“Tsiku limene amayi akunyamuka.”

Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Foni ikadzalira kuchokera ku Ntcheu chaka chimenecho, ndidzakhala wopanda tsiku ndi limodzi lomwe, ndipo dzina langa lidzakhala pakamwa pa anthu. Mantha sanachoke. Ndinatsika nawo masitepe mpaka pa foni ya m'khonde mwa mayi Sofia, manja akadali onyowa.

Ku South Bend kunali kukadali m'mawa. Supavaiza wanga atamva kuti ndikufuna masiku anga onse otsala, anatsitsa mawu. Anandipepesa, n'kufunsa ngati alembe kuti ndili pa maliro.

Ndinamuuza kuti ayi, alembe kuti tchuthi. Amayi anga ali m'chipinda chapamwamba, ndipo akudikira kuti ndikayambe phazi lachiwiri.