Tsiku Limene Nedson Anapambana Mkangano wa Msonkho

Ntchito ya ku mgodi anaipeza ndi Nedson. Izi tinene poyambirira, chifukwa mwini wakeyo ankazinena mumtima kakhumi pa tsiku. Anaiona pa foni ali pa geti la nyumba yosanja ku Onaiza, mumzinda wa Doha, kumene iye ndi mnzake Dauda ankalondera. Kulonderako masiku a Covid amenewo kunali kuloza kachida koyezera kutentha pamphumi pa anthu olemera, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kampani ina inkafuna alonda ku mgodi watsopano kumapiri a kumpoto kwa Malawi. Masabata asanu ndi limodzi pantchito, awiri kunyumba, ndipo ndege ya kampani n'kumakutula ku Chileka n'kudzakutenganso.

Anafunsira onse awiri. Ngakhale kalata ya Dauda analemba ndi Nedson yemweyo, poti Chingerezi cha Dauda chinkathera pa moni. Ndiye onani mmene dziko limachitira: woitanidwa anakhala Dauda, ati chifukwa anali ndi layisensi yoyendetsera galimoto.

Nedson anamugwira chanza, anaseka mpaka mano onse kuoneka. Koma nsanje inamulowa ngati chimfine, ndipo sinafune kutuluka. Sikuti ankasirira ndalama ayi. Chimene chinkamupweteka ndi ndegeyo. Mwana wake Dorcas anabadwa iye atakhala kale miyezi inayi ku Doha, ndipo tsopano anali kuthamanga ndi kuyankhula ku Lunzu bambo ake asanamunyamulepo. Tchuthi cha chaka chatha chinadyedwa ndi mliri, ndege zitaima. Cha chaka chino bwana ankangoti dikira. Tsono Dauda, munthu woti ana ake ndi akuluakulu kale, azikafika pakhomo pake miyezi iwiri iliyonse? Komanso lamulo linali litasintha, munthu sankagwadiranso bwana kuti amulole kuchoka. Dauda anangopereka notisi basi, n'kuyamba kuimba mluzu pa geti. Mluzu umenewo Nedson ankaumva mpaka m'mano.

Lachisanu lina, Dauda atachoka ku mzikiti, iye ndi Nedson anakumana ku Al Nasr, dera lina la Doha, m'kachipinda ka a Overton. A Overton anali bambo wachikulire, dalaivala wa basi ya hotelo ina imene alendo anasiya kufikako, munthu wosayankhulayankhula. Anagula mpunga wa biriyani ndi tiyi wa karak kuti amusangalalire Dauda. Onse anatsitsa mamasiki pachibwano n'kukhala pansi.

"Achimwene," anayamba Dauda akuyang'ana Nedson, "pali nkhani ina ya ku mine kuja ndimafuna tikambirane."

Nedson anangomva mawu oti mine, magazi n'kuwira. Anaganiza kuti kudzitama kwayambika.

"Musanapite patali, Che Dauda," anamudula, "mwaifunsa bwino nkhani ya tax? Chifukwa kuno salary yanu imabwera yonse, mafi deduction, palibe chodulidwa. Kumudzi boma limayamba ndi ilo kudya, inu mumalandira makombo."

Apa mudziwe kuti Nedson anayambapo maphunziro a zowerengera ndalama ku Blantyre, n'kulekezera panjira. Chaka chimodzi chimenecho chinamukwanira moyo wonse. Anzake ankamutcha Nduna, ndipo akayamba nkhani ya boma ankaiwala ngakhale chakudya chili m'manja.

"Adula, inde," anatero Dauda. "Koma mayi anga akadwala amapita ku chipatala cha boma. Mankhwala aja amagula ndani? Ifeyo tili kuno sitiponyako kanthu, koma ana athu ali pa sukulu za boma."

"Mankhwala ake ati? Panado? Wallah, Che Dauda, musandiseketse. Kampani ya mine ikamabwera imayamba ndi ku-negotiate, imapatsidwa zaka zosalipira, ati tikukopa ma-investor. Koma mlonda ali ndi tochi yake, ameneyo samu-negotiate. Amangomudula asanaione n'komwe ndalamayo. Ndiye mukuti chilungamo chimenecho?"

A Overton anatsokomola pang'ono. "Komatu anthu a kumapiriko apezako chitukuko," anatero.

Nedson anawatembenukira mwaulemu, koma maso ali gwa. "Bambo Overton, chitukuko chake chiti? Anthu ofika pa ndege ndi kuchoka pa ndege sagula ngakhale tomato wa pamsika. Amagona mu camp, nkhuku zawo zimachokera ku Lilongwe pa thiraki ya firiji. Mayi wa pamudzipo adzangomva ndege ikudutsa pamwamba pa denga lake, fumbi likugwera pa ufa umene wayanika. Tax ya anthu amenewa ikupita ku likulu. Pamudzipo sipadzamangidwa ngakhale mjigo. Mgodi ukadzatha adzawasiyira dzenje."

"Ndiye boma lizisiyako gawo ku district komweko," anayesa Dauda. "Zimenezo n'zokonzeka."

"Azikonza ndani? Inuyo muli pa geti?"

A Overton anaseka, Dauda nayenso anaseka mwamanyazi. Zimene Nedson ankanena sizinali zopusa, ndipo vuto lake linali lomwelo. Akanakhala kuti akubwebweta, akanamutsutsa n'kupitiriza kudya. Koma munthuyo anali ndi mfundo, ndipo nsanje inkazinola. Ankaona nkhope ya Dauda ikugwa pang'onopang'ono, mtima wake n'kumamva kukoma koipa. Anafuna kuti Dauda akakwere ndegeyo ali ndi kachisoni, ngakhale kakang'ono.

Dauda anapukuta m'manja, n'kufunsa mofatsa. "Ndiye inuyo achimwene, atakuitanani lero, simungapite?"

Kwa Nedson yankho loona linali pafupi kwambiri, koma anthu awiri anali akumuyang'ana, ndipo iye anali atangopambana kumene.

"Ine? Ngakhale ndegeyo atandiimikira pakhomo. Ndinafunsira mongoyesa. Sindingasiye ndalama yathunthu kukagwirira ntchito boma. Khalas, nkhani yatha."

"Chabwino," anatero Dauda. "Ndamva."

Nkhani imene ankafuna kukamba ija sanaitchulenso, ndipo Nedson sanafunse. Anatsiriza mpunga wozizira ali wokhutira ngati tambala.

Kukhutirako kunatha masiku atatu. Pa tsiku lachinayi mkazi wake Monica anaimba foni ya kanema nthawi ya nkhomaliro. Anamuuza Dorcas kuti apereke moni kwa adadi. Mwanayo anayang'ana foniyo, n'kuitembenuza kuti aone ngati munthuyo ali kumbuyo kwake. Atapeza kuti kulibe, anaiponya pa mphasa n'kuthamangira nkhuku. Monica anaitola akuseka, koma kusekako kunali kwa munthu wotopa.

"Kodi zija munafunsira ku mgodi zinatha bwanji?" anafunsa. "Mkazi wa a Dauda akuuza aliyense kuti amuna ake akubwera."

"Zikuyenda," ananama Nedson.

Sabata yonse anayenda ndi mawu m'kamwa. Akafuna kuyamba, Dauda ankakhala ali ndi alendo pa geti, kapena mkulu wa alonda ankatulukira. Nthawi zina mpata unkapezeka, koma manyazi n'kumugwira. Munthu amene wanyoza chakudya pagulu amavutika kupempha mbale. Pomaliza, kutatsala masiku awiri kuti Dauda anyamuke, anamupeza pansi pa nyumbayo poimika magalimoto, akupinda yunifolomu yoti akabweze.

"Che Dauda," anatero akuyang'ana matayala a galimoto ya eni ake, "mukakafika kuja, mukamva kuti pali kampata, mundikumbukire. Za tax zija tinkangocheza."

Dauda anasiya kupinda. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo nkhope yake inali ya munthu amene waponda mwana mosaona.

"Achimwene, bwanji osanena tsiku lija? Mpata unalipo. A kampani anandiuza kuti ndibweretse munthu mmodzi amene wagwirapo ntchito kuno, woti ndikumudziwa bwino. Ndi nkhani imene ndinkafuna tikambirane ija. Dzina lanu ndinali nditalemba kale, ndimangofuna mundivomere."

Nedson anachotsa maso pa matayala aja n'kumuyang'ana.

"Ndiye mmene munafotokozera muja," anapitiriza Dauda, "ndinaona kuti munthu wophunzira waziganizira bwino zinthuzi. Ndinakufunsaninso pamaso pa anthu. Ndinati ndisamukakamize mnzanga, angadzandide akadzaona pay slip. Anafuna dzina pofika Lolemba. Ndinapereka la a Overton."

"A Overton? Sanamve zimene ndinanena zija?"

"Anamva. Anati zonse n'zoona, koma iwo akufuna azikaona akazi awo."

Nedson anafuna kukalipa, koma akalipire ndani? Dauda sanamubere kanthu. Anamukhulupirira basi, monga ankachitira nthawi zonse Nduna ikayankhula. Anafunsa ngati dzinalo lingasinthidwe, ndipo Dauda anapukusa mutu. A Overton anali atapereka kale notisi ku hotelo, ndi zoyezetsa za Covid atalipira.

Madzulo a tsiku lonyamuka Dauda, a Overton anabwera ndi basi ya hotelo kudzamutenga pa geti. Iwo anali oti atsatira mwezi wamawa. Anatsika, n'kumugwira Nedson dzanja ndi manja awiri.

"A Nduna, mwatitsegula maso tsiku lija," anatero, ndipo sankanyoza ayi. "Tikakafika tikayesetsa kumagulako tomato wa pamudzipo."

Nedson anayesa kuseka, koma masiki anamuthandiza kubisa kuti sizinatheke.

"Komanso," anapitiriza a Overton akukweza chikwama cha Dauda, "kuchoka ku Chileka kupita kwathu ku Zalewa ndizidutsa pa Lunzu pomwepo, miyezi iwiri iliyonse. Mukakhala ndi kanthu ka mwana muzingonena. Ndizikamunyamulako m'malo mwanu, ndizikuuzani mmene akulemerera."