Masikipa a Pansi pa Bedi

"Pa yunivesite pano," anatero Tayi, akudzikongoletsa pagalasi long'aluka la m'chipinda chawo, "palibe dzanja limene lingakwere m'mwamba ine ndisanaliuze kuti kwera. Ndikati tsika, limatsika. Usunge mawu amenewa, msuweni, udzauze ana ako."

Msuweni wakeyo anali chigonere pabedi lapamwamba, akukanda foni. "Ndasunga, bwana Pulezidenti. Koma sopo wanga mwamaliza ndinu."

Dzina la Tayi analipata chaka choyamba, anthu atamuona akupita kukachapa atamanga tayi. Tsopano anali wapampando wa bungwe la ophunzira okonda zandale, ndipo Lachisanu kunali chisankho. Mpandowo sunali wamasewera. Mayi ake anali atauza kale mzere wonse wa nyumba kuti mwana wawo ndi pulezidenti, osatchula kuti wa chiyani. Malume ake, odziwana ndi akuluakulu, anali atalonjeza kuti akangopambananso adzamugwira dzanja n'kukamuonetsa kwa anthu oyenera. Kugwa Lachisanu kunali kugwa pamaso pa mayi ndi malume nthawi imodzi.

Koma akanagwa bwanji? Bungwelo linali ndi lamulo limene Tayi mwiniwake analiumba: wovota ndi amene wavala sikipa yachikasu ya bungwe, basi. Ndipo masikipa onse ankagona m'katoni pansi pa bedi lake. Woseka nthabwala zake ankalandira, wokhosomola pamene iye akulankhula ankauzidwa kuti saizi yake yatha. Motero mamembala anali anyamata a hositelo imodzi, ophunzira malamulo okhaokha, okumana masana m'kachipinda ka pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, n'kumatchulana "olemekezeka" uku nsapato zili zobwerekana.

Munga unali umodzi: Mlembi. Anali mtsikana wophunzira zaulimi, ndipo sikipa anamupatsa chifukwa olemekezeka onse ankafuna kulankhula, wolemba panalibe. Pamsonkhano wapitawo iye anaika cholembera pansi.

"Kodi bungweli ndi la ophunzira kapena la hositelo yanu? Ophunzira unamwino ali kuti? A makalasi a madzulo aja, amene masana amakhala kuntchito? Nanga Dalaivala akwera bwanji masitepe onsewa pa njinga yake ya olumala, mumunyamula pamutu? Lachisanu nanenso ndiima."

Mawuwo anatsika masitepe msanga kuposa mwiniwake. Pofika mawa lake, pamzere wa chakudya anthu anali akutchula bungwelo kuti kalabu ya matayi.

Tayi mtima sunakhalenso m'malo. M'kalasi ankagwedeza mwendo mpaka benchi yonse kunjenjemera. Ankatuluka m'chipinda, kubwerera, kusuzumira katoni ija, kutulukanso. Mavoti anali ake, zimenezo sankakayika. Chomulasa chinali kuseka kwa anthu, poti malume akamva kuti mphwawo ndi mfumu ya kalabu, dzanja lija akhoza kulibweza m'thumba.

"Chithunzi, msuweni!" anakuwa Lachitatu, atatsegula chitseko ndi phazi. "Anthu samva mfundo, amaona chithunzi. Ndiime pakati, uku anamwino, uku amadzulo, kutsogolo njinga. Pamwamba tilembe kuti Bungwe la Aliyense. Timate pakhoma lililonse, china titumize kwa malume."

"Anthuwo muwatenga kuti, poti simuwadziwa?"

"Iwo amandidziwa. Mwezi sufunsa dzina la amene ukumuwalira."

Anayamba ndi nyumba ya anamwino. Anaima pakhomo n'kutsokomola mwaulemu. Mmodzi anamuyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato. "Pepani abusa, tapemphera kale m'mawa."

Anathamangira ku makalasi a madzulo. Kumeneko anakumana ndi Amayi a Mapasa, mzimayi wathupi amene masana ankagwira ntchito muofesi, madzulo n'kumaphunzira zowerengera chuma, chikwama chodzaza mabuku ndi masokosi a ana. Asanatsegule pakamwa, mayiwo anamugwira mkono. "Wafika mwanangu! Fani iyi yakhala yosazungulira chiyambire teremu. Makwerero wasiya kuti?"

Dalaivala yekha ndiye anamuzindikira. Anali mnyamata woyenda pa njinga ya olumala, ndipo dzinalo anadzipatsa yekha. "Aa, olemekezeka a kumwamba! Mwatsika? Kodi kumeneko kwagwa chilala?" Anapalasa n'kumusiya Tayi dzanja lili m'malere.

Lachinayi anameza mwala n'kupita kwa Mlembi ku laibulale. Mtsikanayo anthu onsewa ankawadziwa: ankakhala nawo pamabenchi, ankadziwa amene basi imamuthawa ndi amene mwana wake akudwala.

"Chemwali, tisiye zokangana. Unkalira kuti titsegule chitseko, ndatsegula. Undibweretsere anthu ako mawa, tijambulitse chisankho chisanayambe."

"Mukufuna angati?"

"Onse amene ungawapeze. Chithunzi chidzaze mpaka m'mbali."

"Avale chiyani?"

"Masikipa, nanga avale makatani? Ndiwabwereka. Tikangojambula, msuweni atolera, iwo azipita, ife tikwere kukavota."

Mlembi anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati mlimi woyang'ana mbuzi imene yadzimangirira yokha. "Mwaganiza bwino, a Wapampando? Ine ndanena kale kuti ndikuima."

"Ima, chemwali, miyendo ndi yako."

Lachisanu masana katoni inatuluka pansi pa bedi koyamba chibadwire. Pabwalo la kutsogolo kwa nyumba yosanja panadzaza anthu amene Tayi anali asanawaonepo: anamwino, amadzulo atapempha kutuluka msanga kuntchito, a zaulimi nsapato zili matope, atsikana awiri olankhulana ndi manja, ndi Dalaivala akuliza belu la njinga yake. Masikipa anatha onse. Tayi ankazungulira ngati nkhuku yofuna poikira.

"Amayi, sunthirani kuno. Ayi, mwanditchinga. Dalaivala, kutsogolo, koma usaponde nsapato. Msuweni, tayi akuoneka? Jambulanso, ndinatsinzina."

"Asuweni, kumwambaku kwada," anatero wojambulayo.

"Jambulanso! Anamwino sakuseka. Sekani, anthuni, muli m'bungwe la aliyense!"

Mvula sinachite kupempha. Inangokhuthuka, ndipo gulu lonse linathamangira m'holo yapansi, olemekezeka a hositelo ali patsogolo, matayi pamapewa. Tayi analowa pomalizira, akuwerenga malaya achikasu ndi maso.

"Tolera masikipa," ananong'oneza. "Msanga!"

Msuweni anayamba ndi Amayi a Mapasa. "Amayi, akuti tibweze malayawo."

"Ndivule?" Mawu awo anamveka mpaka kumpando wakumbuyo. "Pano? Bulauzi yanga ili m'chikwama, yanyowa. Mwana iwe, mayi ako anakulera bwanji? Kapena amene wakutumayo abwere adzandivule yekha!"

Anamwino anafa nacho chiseko. Mmodzi anakumbatira sikipa yake. "Ifenso tilibe zamkati zoonetsa anthu, abusa!"

Tayi anathamangira kukhomo lopita ku masitepe, kuti mwina aitane anyamata ake akwere okha pamwamba. Anapeza njinga itaima chopingasa pakhomopo.

"Dalaivala, tandipatsa njira."

"Mabuleki agwira, olemekezeka. Mvula ikagwa amatero. Dikirani aume."

Nthawi yomweyo, kukhomo lakumbali, kunalowa mphunzitsi amene anapemphedwa kuyendetsa chisankho, bambo wotopa, ambulera yothyoka m'manja. Anayang'ana holo yodzaza chikasu, anayang'ana masitepe, n'kukhala pansi.

"Chaka chino mwachuluka bwino. Ine ndi mawondo angawa sindikwera. Tivotere pompano."

"Bwana, pali kachinthu kakang'ono," anatero Tayi. "Ambiriwa ndi alendo. Angobwera kudzajambulitsa."

"Alendo ovala yunifolomu? Lamulo lanu limati wovota ndani?"

Apa m'pamene maphunziro abwino anamupweteka Tayi. Chaka chonse anali ataphunzitsa anyamata ake kuyankha funso limenelo ngati nyimbo, ndipo pakamwa pozolowera sipadikira mutu.

"Sikipa ndi voti!" anakuwa olemekezeka onse pamodzi. Kenako anayang'anana.

"Basi, nkhani yatha," anatero mphunzitsiyo. "Oima alankhule, mwachidule, ndili ndi kalasi."

Tayi analankhula. Pakamwa anali napo, zimenezo ngakhale adani ankavomera. Ananena za umodzi, za mlatho, za chitseko chimene iye yekha anachitsegula ndi manja ake. Maso ake ankangothamanga, kukhomo, kuwindo, kumvula imene sinkaleka. Amayi a Mapasa anakweza chala.

"Mwanangu, mawu okoma. Koma misonkhano izikhala nthawi yanji? Ife masana tili kwa abwana."

"Funso labwino, amayi. Tikhazikitsa komiti yoona za nthawi."

"Komitiyo izikumana kuti?" anafunsa Dalaivala ali pakhomo.

"Ku ofesi yathu, pamwam..." Tayi anameza mawu otsalawo, koma holo inali itawamva kale.

Mlembi sanapite n'kutsogolo komwe. Anaima pamene anali. "Ine zolankhula sindidziwa. Tizikumana muno, pansi, Loweruka, aliyense ataweruka. Anamwino akhale ndi wawo m'komiti, amadzulo wawo. Alongo awa olankhula ndi manja tiwapezere womasulira, asamangoonera milomo yathu. Ndipo katoni ija isabwererenso pansi pa bedi la munthu."

"Ofuna mnyamata wa tayiyu," anatero mphunzitsi.

Manja a hositelo anakwera, koma mwaulesi, ngati mbewu zosowa madzi. Lina linafika pakhutu n'kuyamba kukanda. Tayi analiyang'anitsitsa mpaka linakwera, ndipo mtima unabwerera pang'ono: mphamvu zija zinalipobe. Anatembenukira kwa alendo aja, nawayang'ana mmodzimmodzi ndi diso lomwelo, diso limene linkatsitsa manja chaka chonse m'kachipinda kapamwamba.

"Ofuna mtsikanayu."

Linayamba dzanja la Amayi a Mapasa, zibangili zikulira. Kenako anamwino, mzere wonse. A zaulimi. Atsikana awiri aja anakweza manja onse awiri, akugwedeza zala. Dalaivala anakweza limodzi, linalo likuliza belu. Wokanda khutu uja anayang'ana uku ndi uku, nakwezanso kachiwiri.

"Tsikani," Tayi ananong'ona, milomo yokha. Kenako mokweza: "Tsitsani manjawo, anthuni, tinangogwirizana za chithunzi!"

Palibe ngakhale chala chimene chinapinda. Ndipo kumbuyo kwa onse, ataimirira pampando, manja onse awiri ali m'mwamba kuposa aliyense, kunali msuweni wake.

"Iwenso, msuweni? Magazi anga? Tsitsa!"

"Musasunthe, asuweni, mwatchinga Mlembi," anatero msuweniyo, foni ili pamwamba pa mutu. "Si munkafuna chithunzi chodzaza mpaka m'mbali? Onani, tsopano onse akuseka."