Katapila Adikire

Katapila, chigalimoto chokankha zogumuka, anafika mumsewu dzuwa lili paliwombo, ndipo anapeza Mayi Wailesi atakhala kale pamwamba pa mulu wa njerwa, mkono wamanzere uli m'pulasitala. Mulu umenewo unali nyumba yosanja imene iwo ndi mabanja ena ankachitamo lendi chivomezi chisanaigwetse. Pansi penipeni panali kashopu ka amuna awo, osoka nsapato, ndipo amunawo anali asanapezeke.

Dzina la Wailesi anawapatsa anthu a mumsewumo chifukwa pakamwa pawo sipankazima. Ankati Mulungu anachita kuwasankhira mwamuna wosamva ndi wosalankhula, poti wina aliyense akanathawa ukwati usanathe mwezi. Koma tsikuli panalibe woseka. Mayiwo anali atangothawa kutenti ya achipatala, kumene anagona chikomokere kuyambira tsiku la ngoziyo, ndipo mtima unali utawira.

Mkulu wa gulu lopulumutsa anthu anakwera pamuluwo mwaulesi, maso ali psuu ndi tulo. Sanali munthu woipa, kungoti anali atanyamula mitembo yambiri.

"Mayi, tsikani," anatero. "Pano tinamalizapo. Tinaimba wenzulo, msewu wonse unakhala chete, tinakuwa mpaka mawu kusasa. Palibe anayankha. Njirayi iyenera kutseguka, galimoto za madzi zikulephera kudutsa."

"Munakuwa?" anafunsa Mayi Wailesi. "Munkakuwira ndani? Amuna anga samva ngakhale bingu!"

Mkuluyo anacheukira anthu amene anaima m'munsi. Onse anazolika. Wometa wa pakona, mnzawo wa ponda apa nane mpondepo wa osoka nsapatowo, anavula chipewa.

"Mlamu, amene anakuwa kwambiri ndine," anatero wometayo. "Zaka zonsezi timacheza ndi manja, kuseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinaiwaliratu kuti achimwene samva."

"Nzeru zanu munametera limodzi ndi tsitsi la anthu," anatero mayiwo, misozi ili chuchuchu.

Mkulu uja anapukusa mutu. Anati masiku apita, kutentha kwake nkumene akukuonaku, ndipo kutsidya kuli ana amene akumwa madzi a m'ngalande. Anakweza dzanja, katapila nkuyamba kusendera, nthaka ikunjenjemera.

Mayi Wailesi sanasunthe. Anatambasula miyendo ngati ali pakhonde pawo.

"Bwera, mwana wanga!" anakuwira dalaivala wa katapilayo. "Uyambe wandifoshola ineyo, ukanditaye kumene ukutaya njerwa. Denga landilephera, iwe ndiye ungandithe?"

Wometa anakwera nkukhala pambali pawo. Telala wa kuseri anabwera ndi ndodo yake, mayi wa golosale anabwera ndi mwana kumsana, kenako msewu wonse, mpaka njerwa zinasiya kuoneka. Anthu amenewa anali atataya nyumba, katundu ndi abale, ndipo kugonjanso kunali kutawakwana. Dalaivala anayang'ana mkulu wake, nkuzimitsa injini yekha.

Pamenepo mayiwo anayamba kukwawa pamuluwo, kufukula ndi dzanja limodzi, kufuna paipi ya madzi. Paipiyo inkachokera kuthanki ya padenga, kudutsa m'khitchini mwawo, nkutsikira kushopu, kuseri kwa mpando umene amuna awo ankasokerapo. Chakudya chikapsa, iwo ankaimenya ndi chikombe, bambowo nkumva kunjenjemera kwake kumsana, nkubwezera ndi hamala kuti akubwera. Umu ndi mmene ankaitanirana chikwatiranireni.

Telala ndi amene anaipeza, itapindika pansi pa chitseko. Mayi Wailesi anatola chitsulo nkumenya. Anagwira paipiyo, kudikira. Zii. Anamenyanso, namenyanso, mpaka chikhatho chinatuluka magazi.

"Bambo inu, musandichititse manyazi pagulu," ankatero akumenya. "Ndakangana ndi boma chifukwa cha inu. Dzukani!"

Mantha anawagwira tsopano, mantha enieni, oti mwina akukalipira mtembo. Anatsamiritsa chipumi papaipi yotenthayo nkutseka maso. Ndipo m'fupa la pachipumi anamva kanthu kakugunda, kofooka, kenako kakugundanso.

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo mawu anawathawa. Anangokoka mkulu uja malaya. Iye anaika khutu papaipi, nadzuka ngati walumidwa ndi nyerere.

"Mafosholo! Ndowa! Aliyense atsike mbali iyi, musaponde pakati!"

Anthu anandanda kuchokera pamulu mpaka kumsewu, ndowa zikuyenda dzanja ndi dzanja. Opulumutsa ankadula zitsulo ndi kuchirikiza ndi matabwa. Ntchito ili mkati nthaka inagwedezekanso, fumbi linati kobo, ena anathawira pakati pa msewu. Mayi wa golosale anatukwana chivomezicho ngati kasitomala wakuba, natola ndowa yake, ndipo onse anabwerera pamzere akuseka mwamanyazi.

Dzuwa litapendeka, pansi pa chipilala chogwa panatseguka kabowo. Mmenemo munatuluka dzanja lotuwa ndi fumbi, zikhadabo zakuda ndi guluu wa nsapato. Mayi Wailesi anagona chafufumimba nkuligwira. Poti amuna awo sakanatha kuwaona, anawalankhula ndi zala m'chikhatho, mofulumira, mwaukali, ndipo aliyense anaona kuti akuwakalipira.

Zala zotuwazo zinayankha pang'onopang'ono. Mayiwo anasiya kukalipa.

"Akuti chiyani?" anafunsa mkulu uja. "Avulala pati?"

Mayi Wailesi anadzutsa mutu nkuyang'ana anthu a pamzere, amene ambiri a iwo anali atalira kale maliro a abale awo opanda mtembo.

"Akuti musafulumire kuwakoka," anatero. "Ndi dzanja linalo agwira phazi la munthu. Akuti ndi lofunda."