M'mipata ya Lipenga la a Stewart

A Mwanahawa anakhala chaka chathunthu akumva nyimbo yobookabooka, ndipo chimene chinkawasowetsa mtendere silinali phokoso lake ayi, koma mipata yakeyo.

Nyimboyo inkachokera kuseri kwa mpanda, kwa aneba awo pa Lirangwe. A Stewart anapuma ntchito ya ulonda ku bwalo la ndege ku Chileka n'kubwerera kwawo kudzalima, koma bandi ya malipenga ya mpingo wawo sanaisiye. Iwo ankaimba besi, chilipenga chopindikapindika ngati matumbo a ng'ombe, kukamwa kwake koti kamwana ka mbuzi n'kugonamo bwinobwino. Loweruka ankachikweza minibasi kukayeserera ndi anzawo ku Chileka. Masiku enawa dzuwa likapendeka ankakhala nacho pansi pa mtengo wa mango n'kumaimba okha. Ulemu anali nawo munthuyo: kumzikiti kukamveka kuitana, ankachotsa lipenga pakamwa mpaka anthu atatha kuswali.

Koma kuimba kwakeko! Bu. Bu. Kenako zii. Munthu n'kuganiza kuti watha, wapita kukamwa madzi. Uli pomwepo, buuu, bu, bu, ndiye zii wina wotalika kuposa woyamba uja. Chaka chimenecho inalipo nyimbo imodzi imene ankaibwereza tsiku ndi tsiku, ndipo mwina theka lake linali kukhala chete.

Safunsa anadya phula. A Mwanahawa anayamba ndi a Fyness, akazi a mwini lipengayo.

"Asisi, kodi bambo a Edson akasiya kuimba pakatipa amakhala akutani? Mpweya umawathera?"

"Ine musandifunse za chimenecho," anatero a Fyness. "Makutu anga anachita chipsera kalekale. Ndimangoona nkhuku zikuthawa, ndiye ndimadziwa kuti ayamba."

Anawafunsa eni akewo. A Stewart anaseka, n'kunena kuti pamenepo amakhala akuwerenga chamumtima, chifukwa anzawo a malipenga ang'onoang'ono ndiwo amakhala akuimba.

"Akuimba zotani?"

"Aa, mayi a Binti, zimenezo sizinenedwa pakamwa. Mudzabwere ku konsati ya Khirisimasi mudzamve nokha."

Yankho lotere silikhutitsa munthu. Ndipo mpata ukakhala pabwalo, china chake chimalowamo basi. A Mwanahawa ankakazinga zitumbuwa za kumsika nthawi yomweyo imene a Stewart ankaimba, ndiye tsiku lina, osaganizira n'komwe, anang'ung'udza kanthu mumpata woyamba. Mawa lake kanabweranso komweko. Pofika nyengo yokolola, mipata yonse inali itadzaza, ndipo nyimboyo inali ndi mawu ake. Mawuwo anali a malemu amuna awo, a Majidu, amene anamwalira akadali kulonjeza kuti nyumba aifolera ndi malata.

A Majidu, munati malata akubwera,
mvula yabwera, malata sanabwere,
inu mwagona pouma.

Inalipo mizere ina yowadzudzula za njinga imene anaisiya yopanda tcheni, ndi wina umodzi umene ankauimba motsitsa mawu, wonena kuti mpando wawo sunasunthidwe. Pamaliro a Mwanahawa sanalire mokhutiritsa anthu, mpaka ena anawanena kuti ndi ouma mtima. Chikhalirecho ankamusowa mwamunayo koopsa, ndipo nyimbo yam'mipatayi ndiyo inali njira yokhayo imene ankalankhulira naye madzulo aliwonse.

Komabe chidwi ndi matenda. Pamene nyimboyo inkakoma, m'pamenenso funso linkakula. Kodi ya eni akeyo imapita kumene ikupita yangayi? Mwina ndinailondola ndendende. Mwinanso yanga ikuposa yawo, ndani akudziwa? Ankafuna akaziyike ziwirizo pamodzi, aone.

Vuto linali lakuti mayi wachisilamu, wa mpango kumutu, akaoneka pa zochitika za Akhristu, azimayi a kumzikiti sangasowe chokamba sabata yonse. Anaganiza zongotuma a Fyness kuti akawajambulire pafoni, koma kandimverere anakanena za m'maluwa, komanso foni ya a Fyness inkamveka ngati wailesi yonyowa. Tsono Lamulungu la konsatiyo anadzaza beseni ndi zitumbuwa. Wamalonda safunsidwa kuti pano wadzatani.

Anakwera minibasi imodzi ndi banja la a Stewart, chilipenga chitakhala pampando wakewake ngati mlamu. Pa Kameza anatsika n'kukwera ina ya ku Chileka. Kunja kunali kutachita mitambo, chimanga m'minda chili m'mawondo, ndipo a Fyness ankangopemphera kuti mvula idikire.

Konsatiyo inali panja, pabwalo la tchalitchi, oimba ali pansi pa tenti, anthu pamabenchi ndi pazitenje. A Mwanahawa anatula beseni lawo pansi pa mtengo chakumbali, poti akafunsidwa anene kuti iwo anali pamsewu. Kenako anayamba kudyetsa maso. Oimba onse anavala zoyera ndi malamba ofiira. Malipenga analipo amisinkhumisinkhu, ena aang'ono ngati ketulo. Linalipo lina lochita kukoka ndi kukankha, ndipo a Mwanahawa ankangodikira kuti ligunda liti nkhongo ya amene anakhala kutsogolo kwake. Nyimbo ikatha, oimbawo ankatsegula kabowo n'kukhuthulira madzi pansi, pamaso pa abusa, osachita manyazi. Madzi amenewo amalowa bwanji m'chitsulo? Wotsogolera bandi analibe lipenga lililonse, ankangogwedeza kamtengo, koma onse ankamuopa iyeyo. Kuyenda n'kuonadi agalu a michombo.

A Stewart anali kumbuyo kwenikweni, nkhope itabisika, kukuoneka mawondo okha.

Zinadutsa nyimbo zingapo zosadziwika. Ina anthu anaimirira, ina anawomba m'manja, ina mtsikana anawerenga kaye mawu a m'buku lawo onena za abusa a nkhosa. Zitumbuwa zinkayenda ndithu. Ali mkati mokulungira mayi wina zitumbuwa m'pepala, anamva: Bu. Bu.

Anasiya pepala m'manja mwa mwini wake n'kuimirira. Mpata woyamba uja unafika. Oimba a malipenga ang'onoang'ono anawakweza pakamwa, ndipo nthawi yomweyo ndege inadzuka pabwalo lake n'kudutsa pamwamba pawo ndi chiphokoso chogwedeza chiwindi. Wotsogolera anangotsitsa kamtengo kake. Bandi yonse inaima, ikudikira ngati anthu odikira ng'ombe ziwoloke msewu. Pagulu lonselo palibe amene anayang'ana kumwamba kupatula a Mwanahawa, ndipo anaiyang'ana ndi diso loipa. Chaka chonse kudikira, lero ndege indilande pakamwa?

Phokoso litazilala, kamtengo kanakweranso. Bu. Bu. Ndiye nyimbo ya eni ake inalowa.

Sanailondole ngakhale pang'ono. Pamene yawo inkatsika, iyi inkakwera. Pamene iwo ankathamanga ndi mawu kuti akwane, iyi inkayenda mwachifatse, osapupuluma. Ankayembekezera kuti aipezera zifukwa, koma kunena zoona inali yokoma, yokoma mopweteka mtima. Kaching'ono kamodzi kanayamba kokha, ena n'kukalandira, kenako onse pamodzi, ndipo "bu" wa a Stewart uja, amene kwawo ankathamangitsa nkhuku, apa anali ngati mafuwa pansi pa mphika: sumawaona, koma chotsapo limodzi uone. Tsitsi linawaima pansi pa mpango.

Ndime yachiwiri anthu onse anaimba nawo. Yachitatu chimodzimodzi, ana ndi agogo omwe. Pakati pa ndime imeneyi a Stewart anachedwa kulowa, "bu" wawo n'kugwa payekha ngati bango lothyoka, ndipo wotsogolera anawaponyera diso loti tikaonana. Koma anthu sanasamale. Nyimbo itatha anakuwa kuti ibwerezedwe, ndipo inabwerezedwa yonse. Pomaliza pake a Mwanahawa anadzipeza akugwedeza mutu limodzi ndi gulu, milomo ikuyenda.

Pobwerera mvula inawapeza pa Lunzu. M'minibasi a Fyness anawagunda ndi chigongono.

"Asisi, mwaigwiratu. Chichokereni ku Chileka mukungoing'ung'udza. Chaka chamawa tikusokerani yunifolomu."

A Mwanahawa anaseka nawo. Mtima unali mbee, poti chimene ankafuna kudziwa anachidziwa.

Mawa lake madzulo anayatsa moto, mafuta n'kuyamba kuwira. Ankaganiza kuti konsati itatha aneba apumula, koma bandi inali itaitanidwanso kukaimba pa Chaka Chatsopano. Kuseri kwa mpanda kunamveka: Bu. Bu. A Mwanahawa anatsegula pakamwa monga mwa masiku onse.

"A Majidu, munati..."

Anaima. Mawu anali awo, koma mayimbidwe anali a ku Chileka. Anadikira mpata wachiwiri n'kuyesanso. Inatulukanso yomweyo, ikukwera pamene yawo inkatsika, ndipo mawu a malata ankasefukira, osakwanamo. Anatseka maso, kuifunafuna yawo ija m'mutu monse. Ankadziwa kuti inkatsika penapake, koma kutsika kuchokera pati, kukafika pati? Paliponse pamene ankagwira, ankapeza nyimbo ya eni ake itakhala kale pamenepo, itatambalala. Chitumbuwa chinapserera m'chiwaya iwo akuyang'ana. Anachita mantha, mantha enieni, onga a munthu amene wapapasa pachitenje n'kupeza mfundo yamasuka.

Lipenga linasiya. Patapita kanthawi, mutu wa a Stewart unatulukira pamwamba pa mpanda.

"Odi, mayi a Binti. Kwagwanji lero? Mwadwala?"

"Ayi, ndili bwino. Bwanji?"

"Simukuimbatu."

A Mwanahawa anagwira pakamwa ndi nsonga ya mpango. Chaka chonse ankadziona ngati akuimba mobisa.

"Kani mumamva?"

"Mpanda wa udzuwu ungabise chiyani?" anatero a Stewart, akukanda m'mutu. "Ndikuuzeni zoona, ine kuwerenga chamumtima ndinasiya kalekale. Ndimangodikira inu. Mukati 'pouma', ine ndimalowa. Dzulo lija ndinadikira 'pouma' wanuyo, osabwera, ndiye munaona nokha mmene anandiyang'anira mkulu uja. Yambani, tione ngati ndingakonze."

"Yathawa, bambo a Edson."

"Yathawa bwanji?"

"Ija ya kwanu ija yakhala pamalo pake. Ndikati nditsegule pakamwa ikutuluka ndi imeneyo." Anasendera kumpanda, manja ali mafuta okhaokha. "Koma inu mwakhala mukuimva chaka chonse. Tandiimbirani. Kungoyamba kokha, ine ndilandira."

"Zimenezo n'zosavuta," anatero a Stewart.

Anakonza kukhosi, natseka maso, chala chili m'mwamba. A Mwanahawa anatchera khutu.

"Bu," anatero a Stewart. "Bu." Anakhala chete, milomo ikugwedera, chala chikuyendayenda. Kenako anamaliza motsitsa, "...pouma. Buuu."

Anatsegula maso, manyazi atawagwira.

"Pepani, mayi a Binti. Ndimayesa ndikuidziwa. Kani ine ndimangomvera polowera panga."

A Mwanahawa anaseka. Anaseka mpaka kugwira mpanda, mpaka a Fyness kutuluka m'nyumba kudzaona, ndipo sizinadziwike kuti kusekako kunasanduka liti kulira. Analira kwambiri, kulira kumene anthu anakudikira pamaliro osakuona. A Stewart anangoima poteropo, osadziwa poika manja.

"Ndisiye kaye lero?" anafunsa.

"Imbani," anatero a Mwanahawa, akupukuta m'maso. "Chaka Chatsopano chayandikira, mkulu uja angakuyang'aneninso. Koma muyambirenso kuwerenga nokha."

A Stewart anabwerera pansi pa mango paja. Bu. Bu. A Mwanahawa anachotsa chopserera m'chiwaya n'kuponyamo zina, pakamwa atatseka. Mipata inkabwera ndi kupita, yonse yodzaza ndi nyimbo yokoma ya eni ake, ndipo madzulo amenewo a Majidu sanauzidwe kanthu.