Chitenje Chokaonera Nyumba

Basil anali ndi ngongole ya nsalu kwa amayi ake, a Marita a ku Nkhudzi, ndipo padoko panalibe amene sankaidziwa ngongoleyo. Tsiku limene analembedwa ukalaliki ku boma la Mangochi, iye yekha ndi pakamwa pake anati malipiro oyamba agulira amayi chilundu chenicheni. Malipiro oyamba anabwera, anagula tayi. Achiwiri anagula wailesi. Zaka zinadutsa a Marita akuzungulirabe m'chitenje chowambira nsomba, choda ndi utsi, chothetheka m'mphepete.

"Ndinamuphunzitsa ndi utaka mwana ameneyu," ankatero kwa aliyense wowapatsa moni. "Utaka wanga wonse uli pakhosi pakepo."

Kenaka chinafika chaka chija nyanja inakwera n'kulowa m'midzi. Nyumba ya a Marita inagwa chipupa chimodzichimodzi, iwo n'kukabisa mutu m'khitchini ya achimwene awo, momwe alamu awo ankawapsera mtima ngakhale akatsokomola. Anagulitsa bwato ndi khoka la malemu amuna awo, ndalama n'kumanga m'chiuno. Ankafuna nyumba ya kumtunda mvula isanagwe, chifukwa denga la khitchiniyo linali loti ukagona chagada umawerenga nyenyezi. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana kumapiri.

Basil ndiye anaipeza nyumbayo, kutsidya kwa mlatho, panjira yopita ku Chowe: ya njerwa zootcha, yamalata, mwini wake atamwalira. M'mawa wa tsiku lokaiona anatulukira ku Nkhudzi atavala jekete ndi tayi, kaphukusi kali kukhwapa.

"Amayi, ngongole ija nayi. Valani tizipita."

A Marita anamasula. Inali nsalu yabwino, yolemera, yamaluwa obiriwira, ikununkhira sitolo. Anaisisita kawiri, anaipinda, n'kuiika pansi pa dengu.

"Zaka zonsezi wasankha lero? Iwe sukulu inakupweteka. Ndikavala imeneyi mtengo wa nyumba ukwera ndisanakhale pansi."

"Koma Amayi, kogula nyumba munthu amaoneka ngati munthu."

"Pogula chambo kwa asodzi ndinavalapo chilundu ine? Wogula amalira umphawi, wogulitsa amalira kuluza. Malonda ndi amenewo. Vula chingwe chili pakhosicho. Jeketenso."

"Nanga nsalu ya chipani ija bwanji, yoyera bwino?"

"Ija ndi yovinira. Ukavalira munthu ya chipani amayamba kukuopa, ndipo munthu woopa sakuuza pamene denga likudontha."

Basil anavula tayi n'kuika m'thumba, nkhope ili ndwii. A Marita anamanga khadi la chipani pakona ya chitenje chawo chautsi, poti popanda ilo basi sunkakwera, ndipo nsalu yatsopanoyo anaitenga m'dengu momwemo. Kuisiya kukanakhala kuwapatsa alamu awo, amene akabwereka chinthu amachibweza chitasanduka chigamba.

Chimene sanachiganizire n'chakuti tsikulo linali Lachisanu.

Pakhonde la nyumbayo anapeza bambo wina wa mkanjo woyera ndi kofiya, akupukuta nsapato kuti apite ku mzikiti. Anali Che Atumani, mkulu wake wa malemu mwini nyumba. Anawayang'ana a Marita kuyambira kumapazi ong'aluka mpaka kuduku, anapisa m'thumba, n'kuwaponyera kandalama m'manja.

"Landirani sadaka, mayi. Nyanja yazunza anthu chaka chino. Pitani bwino."

Basil anafuna nthaka imumeze. A Marita anakayang'ana kandalamako, anakamanga pakona ina ya chitenje, poti ndalama sabweza, kenaka anati, "Zikomo. Tsono titsegulireni tione nyumba. Tabwera kudzagula."

Che Atumani anaseka mpaka anatsokomola.

"Mayi, nyumbayi si chisakasa. Ili kale ndi woigula, bwana wina wagalimoto wa ku boma. Musatitayitse nthawi, swala iyamba ku mzikiti." Anakoka chitseko, anatseka ndi loko, n'kumapita.

"Mwaona?" anatero Basil. "Ndinanena ine. Tsopano mubwerera kukhitchini kwa azakhali mukanyowe."

Mawuwo anawalasa, chifukwa anali oona. A Marita anaona m'maganizo mwawo mphasa itanyowa, ufa utaumbika, alamu awo akuwerenga nkhuni. Anakukuta mano.

"Khala pamtengo wa mangopo. Ndikasinthe kuseriku, akamachokera ku mzikiti apeze munthu wina."

Anazungulira nyumba ndi dengu lawo kufunafuna bafa. Kuseriko, pakhomo la khitchini, panaima mayi wina wocheperapo msinkhu, atavala nsalu yonyezimira ndi ndolo. Dzuwa linali likuswa mtengo, mpando unali pomwepo, koma iye anangoima, manja atawatalikitsa ndi nsaluyo ngati ndi yamoto.

A Marita anakhala zaka zambiri akugula ndi kugulitsa, ndipo diso lawo silinkayamba ndi nsalu. Anaona kuti bulauzi ndi yaikulu, yogwidwa ndi mapini m'mapewa. Anaona patapata womangidwa ndi waya. Anasuzumira pamafuwa: phulusa lozizira, nkhuku itapalasapo kale.

"Odi, amayi. Ndinu a pakhomo pano?"

"Ndine Abiti Wadi. Amuna anga ndi amene anamanga nyumbayi."

"Bwanji osakhala pansi?"

Mayiyo anamwetulira mwamanyazi. "Nsaluyi ndi ya akazi awo a Che Atumani. Akuti ogula asaone kuti tavutika, angatsitse mtengo. Ndikaidetsa ndiyankha chiyani?"

A Marita anadziyang'ana chitenje chawo chautsi, anayang'ana cha mnzawoyo, ndipo kuseka kunawatulukira m'mphuno.

"Inu akuvekani kuti muoneke olemera. Ine ndadziveka kuti ndioneke wosauka, mpaka ndalandira sadaka. Tonse tavala bodza. Bweretsani thumba, muyale, tikhale pansi."

Anakhala. Abiti Wadi anafotokoza pang'onopang'ono, Chichewa chake chikukokera ku Chiyao. Anali atangomaliza eda, miyezi ija mkazi wamasiye amakhala m'nyumba. Shehe anagamula kuti nyumba igulitsidwe, ndalama agawane iye, ana ndi abale a malemu, koma isagulitsidwe iye asanavomere. Ankafuna kubwerera kwawo ku Katuli mvula isanadule msewu, akapeze munda adzale.

"Nanga bwana wagalimotoyo?"

"Wabwera kawiri. Amayenda m'zipinda, amagogoda zipupa ndi kiyi wa galimoto, amamwa tiyi wa shuga wobwereka. Akuti azilipira pang'onopang'ono mwezi ukatha. Ine ndizichoka ku Katuli mwezi uliwonse kudzatsata munthu wa ku boma? Ndingayambe bwanji kumukumbutsa?"

A Marita anagwira dzanja la mayiyo n'kuligunditsa pa mfundo yolimba imene inali m'chiuno mwawo, kunsi kwa chitenje.

"Bwato ndi khoka zimenezo. Tsono chitseko chakuseri chili ndi loko?"

Chinalibe. Abiti Wadi anawalowetsa, ndipo sanabise kanthu. Anawaonetsa lata lodontha pamwamba pa chipinda chogona, chiswe m'mphuthu ya chitseko, ndi pakona pomwe simenti inafufuma. Anawaonetsanso pawindo pomwe malemu ankaika makina awo osokera kuti aziona odutsa. Pamenepo a Marita anayang'ana kumbali ngati akuyeza chipupa.

Che Atumani pochokera ku mzikiti anapeza mayi wa sadaka uja ali m'nyumba, atakwera pampando, akubaya mtanda wa denga ndi mpeni wotumbulira nsomba. Chitenje chautsi chija sanasinthe n'komwe.

"Kodi n'chiyani chimenechi?"

"Alamu," anatero Abiti Wadi, "awa ndalama ali nazo m'chiuno. A galimoto aja ali nazo pakamwa. Ine ndavomera awa."

Anayala mkeka pabalaza, anamuitana Basil kuti akhale mboni. Che Atumani anatchula mtengo. A Marita anaimirira, anasenza dengu.

"Tiye, Basil. Ndimayesa akugulitsa nyumba, kani akugulitsa msewu wonse mpaka ku Chowe."

"Khalani pansi, mayi, tikambirane."

"Lata lodontha ndigula ine. Mphuthu yachiswe ndisintha ine. Chotsani zimenezo."

Anachotsa. A Marita anatchula simenti, anachotsanso. Anatchula chimbudzi chodzadza, mtunda wa kumjigo, ngakhale galu wa pakhomo loyandikana. Che Atumani anavula kofiya n'kupukuta thukuta, akulumbira kuti chibadwire sanaone mkhristu wouma mtima chotere. A Marita anali atakonza kale china, cha mawindo opanda magalasi, ndipo ankadziwa kuti bamboyo agonja, poti maso ake sankachoka pamfundo ya m'chiuno ija. Atatsegula pakamwa anaona Abiti Wadi akuwerenga zala pansi pa nsalu yobwerekayo, milomo ikuyenda. Ankawerenga gawo lake, limene linkachepa ndi liwu lililonse.

A Marita anatseka pakamwa. Zinawawawa ngati kusiya nsomba itakodwa kale.

"Basi. Tathera pomwepa."

Anatembenukira kuchipupa, anamasula mfundo, anapereka ndalama m'manja mwa Basil kuti awerengere Che Atumani pamaso pa mayiyo. Zitatha, anapisa pansi pa dengu, anatulutsa nsalu yamaluwa obiriwira ija n'kuiika pamiyendo pa Abiti Wadi.

"Panyumba sindiwonjezera ngakhale tambala, chifukwa mugawana anthu ambiri. Iyi siyogawana. Ndi ya mayi uyu yekha, akatsike nayo ku Katuli ngati munthu amene anali pabanja. Kavuleni ya eni akeyo musanaikhetsere thukuta."

Abiti Wadi anafuna kugwada. A Marita anamugwira phewa.

"Ayi, zimenezo ayi. Mungondisiyira mafuwa ndi chingwe choyanikira. Ndipo muchoke Lolemba, mvula siyembekeza."

Pobwerera anayenda wapansi mpaka pamlatho, kiyi atamangidwa pakona yachitatu ya chitenje chautsi. Mphepo inali itayamba kununkhira dothi. Basil anali atavalanso tayi yake, akuyenda patsogolo.

"Iwe," anatero a Marita kumbuyo kwake. "Za nsalu yanga ija, mwezi ukatha usaiwale."

Basil anaima. "Nsalu iti, Amayi?"

"Imene unalonjeza. Ndaivala ine? Inandikhudza pathupi?"

"Ndinagula, ndinakupatsani m'manja, mwapatsa munthu wina ine ndikuona."

"Unati undiveka. Sunati undionetsa."

"Amayi, pepani. Lata ndigula, mphuthu ndisintha, katundu wanu ndikatenga ku Nkhudzi. Koma nsalu ina sindigula."

"Ukukana?"

"Ndakana."